ZA PAKHOMO NDI KUMUNDA: Tenti isokedwe mvula isanagwe

Dzuwa la mwezi wa Okutobala lafika pacimake, mitengo ya m'chire yaphukira masamba atsopano, ndipo mvula ya cizimalupsa siili kutali. M'midzi ya ku Tamanda, ku Chipangali ndi m'madera ena ozungulira Chipata anthu ali kalikiliki kufolera nyumba, kukonza nkhokwe ndi kunola makasu. Koma alipo katundu wina wa mtengo wapatali amene ambiri amuiwala kufikira tsiku limene afunika mwamsanga. Katundu ameneyu ndiye tenti.

Masiku ano tenti igwira nchito zambiri pamudzi. Ichinjiriza olira pamaliro ndi alendo paukwati. Mipingo iimika matenti pa misonkhano ikulu-ikulu, monga ija icitika pa mishoni yakale ya Tamanda ya mpingo wa Reformed Church in Zambia. Opita ku Mtenguleni kukaona mwambo wa Nc'wala, umene unayambanso kucitika m'caka ca 1980, adziwa kuti mwambowu ukhala kumapeto kwa Febuluwale, mvula ili pakati, ndipo wopanda pobisala agona atanyowa.

Koposa zonsezi, tenti ndiyo denga la cimanga cimene cilibe nkhokwe. Acikulire akumbukira milu ya masaka a makilogalamu 90 pa madepoti a NAMBoard, bungwe limene linagula mbeu kuyambira 1969 kufikira 1989, ndipo akumbukiranso zaka zimene cimanga cinaola pamulu cifukwa mvula inacipeza cisanabvundikiridwe bwino. Bungwe la FRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995, ligula m'masaka a makilogalamu 50, koma mdani wa cimanga akali yemweyo. Tsono tenti yodontha ili ngati nkhokwe yopanda denga. Ndipo cimene ciononga matenti ambiri si mvula ai, koma kusasamala kwa eni ake.

Mitundu itatu ya matenti

Mwini tenti ayenera kuyamba wadziwa mtundu wa tenti yake, pakuti mankhwala a mtundu wina sacita kanthu pa mtundu unzake. Mtundu woyamba ndi wa nsalu yokhuthala ya thonje. Nsalu imeneyi ichinga madzi cifukwa ulusi wake ufufuma ukanyowa, nutseka timipata tonse. Waciwiri ndi uja wolemera, wosalala ngati mphira, wokutidwa ndi pulasitiki ya PVC, umene ubvundikira katundu pa malole. Wacitatu ndi wopepuka, wolukidwa ndi timizere ta pulasitiki monga saka la feteleza. Mabungwe othandiza anthu pa ngozi agawa mtundu umenewu, ndipo kawiri-kawiri ukhala wa mamita 4 m'lifupi ndi mamita 5 kapena 6 m'litali.

Adani a tenti

Mdani woyamba ndiye cinyontho. Maliro akatha anthu akhala otopa, ndipo anyamata apinda tenti ikali ndi mame kapena matope, naiponya m'cipinda. Pakapita masiku owerengeka nkhungu imera m'mapindo, ndipo pa tenti ya thonje nkhungu imadya ulusi weni-weniwo. Tsiku loifunyulula ipezeka ndi mathotho akuda, inunkha, ndipo ing'ambika ngati pepala. Cotero tenti isapindidwe isanaume mbali zonse ziwiri, makamaka m'misoko ndi m'mphepete mmene madzi acedwa kucoka. Ngati yabwera yonyowa cifukwa mvula sinakate, iyanikidwe m'mawa mwake ndithu.

Mdani waciwiri ndiye dzuwa. Tenti ya pulasitiki ikakhala padzuwa miyezi yambiri iuma gwa, icita mbuu, ndipo potsiriza ifumbutuka yokha. Mwambo ukatha igwetsedwe msanga. Isasanduke mthunzi wa mbuzi kapena khonde la masiku onse.

Adani ena ndiwo ciswe ndi makoswe. Tenti yoikidwa pansi m'mbali mwa khoma ili cakudya ca ciswe ndi cisa ca makoswe. Malo ake ndi pamwamba, pathandala kapena pamtanda wa nyumba yosadontha, kutali ndi feteleza, mankhwala a thonje ndi mafuta. Zikhomo za citsulo zisungidwe m'saka lao-lao, pakuti dzimbiri lidya nsalu. Ndiponso tenti inyamulidwe, isakokedwe pansi. Ziputu ndi miyala ziboola timabowo tosaoneka timene tidzadziwika mvula itabwera.

Ikada, itsukidwe ndi madzi ozizira ndi bulashi yofewa basi. Sopo waufa ndi mankhwala oyeretsera zobvala zicotsa mankhwala ochinga madzi amene anapakidwa ku fakitale, ndipo zifoola ulusi wa thonje.

Kufuna mabowo ndi kusoka

Nthawi yoyesa tenti ndi ino ya dzuwa. Iimikidwe masana, munthu alowe mkati nayang'ane kumwamba. Pali ponse pamene kuwala kulowa pali bowo, ndipo alembepo cizindikiro ndi coko kapena khala. Pambuyo pake mnzake athire madzi kunja ndi ndowa, kuti misoko yodontha ioneke.

Pa tenti ya thonje, cigamba cikhale ca nsalu ya mtundu womwewo, ndipo cipitirire bowo ndi masentimita 5, ndiko kunena zala zitatu, mbali zonse. M'mphepete mwake mupindidwire mkati kuti musayoyoke. Cisokedwe kunja kwa tenti ndi singano yaikulu ndi ulusi wa nailoni wopakidwa phula, mizere iwiri. Pong'ambika patali payambe palumikizidwa, kenaka paikidwe zigamba ziwiri, cina kunja cina mkati. Amisiri osoka nsapato ndi matelala a pamsika aidziwa bwino nchito yotere, ndipo malipiro ao ndi ocepa powayerekeza ndi mtengo wa tenti yatsopano.

Tenti ya PVC ifuna guluu wake wa PVC. Pobooka patsukidwe, paume, papalidwe pang'ono kuti guluu agwire. Cigamba cidulidwe cozungulira m'ngodya, pakuti ngodya yosongoka ndiyo iyamba kumatuka. Cikamatidwa, citsenderezedwe ndi thabwa ndi njerwa tsiku lathunthu.

Tenti yopepuka ya pulasitiki yoluka sigwira guluu bwino. Imeneyi isokedwe ndi cigamba copinda, koma misoko ikhale yotalikirana, cifukwa kubaya pafupi-pafupi kuidula ngati lumo.

Kambiri comwe ciyamba kuthothoka ndi timphete ta citsulo ta m'mphepete momanga zingwe. Kamphete kakacoka, munthu asaboole pena ndi mpeni ai. Atenge kamwala kosalala konga dzira la nkhunda, akakulunge m'nsalu pafupi ndi pamene panathothoka, namange cingwe m'khosi mwake. Mfundo yotere igwira kolimba popanda kubaya nsalu. Pakati pa cingwe ndi cikhomo pakaikidwa legeni la cubu cakale, mphepo ikaomba legenilo litamuka, ndipo nsalu sing'ambika.

Kuchinga madzi

Tenti yatsopano ya thonje idontha m'misoko pa mvula yoyamba, ndipo ena aganiza kuti anagula cinthu cacabe. Si tero ai. Iyenera kuimikidwa, kunyowetsedwa ndi kuumitsidwa kawiri kapena katatu isanagwire nchito, kuti ulusi ufufume ndi kutseka mabowo a singano. Mvula ikamagwa, ana asakhudze denga lake mkati, ndipo katundu asatsamire khoma, pakuti pokhudzidwapo madzi apeza njira.

Misoko ndi zigamba zipakidwe phula la njuci kapena kandulo. Phulalo likhuzidwe pamsoko wouma, ndipo tenti iikidwe padzuwa kuti lisungunuke ndi kulowa m'ulusi. Alimi oweta njuci asataye zisa akafinya uci, cifukwa m'menemo ndimo mucokera phula. Ngati nsalu yonse yayamba kumwa madzi, m'masitolo ena a m'tauni mupezeka mankhwala opaka matenti. Wogula afunse ngati ndi a thonje kapena a pulasitiki, pakuti safunsa anadya phula. Apakidwe panja, pa nsalu yoyera ndi youma.

Koma pali njira ina yakale imene iyenera kukanidwa kotheratu: kusungunula kandulo m'petulo kapena m'parafini ndi kupaka tenti yonse. Madzi achingikadi, koma tenti yotere isanduka udzu wouma wodikira moto. Pa 6 Julaye 1944, mumzinda wa Hartford ku America, tenti yaikulu ya zionetsero imene inapakidwa phula losungunulidwa m'petulo inagwira moto anthu ali mkati. Inatha m'mphindi zowerengeka, ndipo anthu opitirira 160 anafa, ambiri a iwo amai ndi ana. Pamaliro a kumudzi moto usonkhedwa usiku wonse pafupi ndi tenti. Ngozi yake ili yomweyo. Mafuta akuda a injini naonso ndi oipa: agwira moto, ndipo aipitsa cimanga cimene tentiyo idzabvundikira.

Kuimika bwino

Ngakhale tenti yosokedwa bwino idontha ikaimikidwa molakwika. Malo akhale okwera pang'ono, ocotsedwa ziputu, osati pansi pa mtengo pamene nthambi, utomoni ndi zitosi za mbalame zigwera. Khomo lifulatire kumene mphepo icokera. Kumtunda kwake kukumbidwe kangalande kopatutsa madzi.

Cacikulu ndi cakuti denga likhale lotsetsereka, lopanda pokhala madzi. Mvula ya mamilimita 10 yokha ikagwa pa tenti ya mamita 4 ndi 6 ithira malita 240, kuposa mgolo wathunthu. Madzi amenewa alemera makilogalamu 240, pafupifupi masaka asanu a cimanga. Akaunjikana pakati, misoko iphulika kapena mzati uthyoka pamitu pa anthu. Ndipo dera la Chipata lilandira mvula yokwana pafupifupi mamilimita 1,000 pacaka. Zingwe za khonje ndi za thonje zifupika zikanyowa, cotero zimasulidwe pang'ono mitambo ikada, kuti zisazule zikhomo.

Mbaula isalowe m'tenti yotseka. Makala oyaka atulutsa mpweya wakupha umene ulibe fungo kapena utsi, ndipo ogona mkatimo angathe kufa ali m'tulo.

Pobvundikira cimanga ndi nshawa

Tenti ichinga madzi ocokera kumwamba, koma itsekeranso cinyontho cocokera mkati. Cimanga cosauma cikabvundikiridwa cicita thukuta, cimera cuku. Cuku cina cibala poizoni amene akatswiri amucha aflatoxin, amene aononga ciwindi, ndipo apezekanso kwambiri m'nshawa zosauma bwino. A FRA afuna cimanga cimene cinyontho cake sicipitirira magawo 12.5 pa 100. Mlimi wopanda makina oyesera aike cimanga pang'ono m'botolo louma pamodzi ndi mcere wouma, alitseke, nalikhuchumule. Mcere ukamatirira m'mbali mwa botolo, cimangaco cikali cosauma.

Masaka asakhudze dothi. Asanjidwe pa mitengo yogonekedwa pansi. Pamwamba pa mulu pakhale msana ngati denga la nyumba kuti madzi atsetsereke, ndipo tenti itsike m'mbali, nimangidwe zolimba. Tsiku la dzuwa ifunyululidwe kuti mphepo ipite. Tenti imene inabvundikira feteleza kapena mankhwala isayanikirepo mbeu isanatsukidwe.

Tenti ya anthu onse ifuna mwini mmodzi

Matenti ambiri m'midzi si a munthu mmodzi ai. Ndi a kopaletivu, a mpingo, a kalabu ya amai kapena a mudzi wonse, ogulidwa ndi ndalama zosonkherana movutikira. Bvuto lake ndi lakuti yense aidziwa tenti tsiku lobwereka, koma tsiku losoka palibe aoneka. Ibwera kucokera kumaliro a mudzi wina yong'ambika, zingwe zitasanduka zomangira mbuzi, ndipo pofunsa palibe abvomera.

Komiti iri yonse isankhe munthu mmodzi wokhulupirika wosunga tenti, nimpatse buku. M'bukumo mulembedwe dzina la wobwereka, tsiku lotenga ndi lobweza, ndi ciwerengero ca mizati, zingwe ndi zikhomo. Pobweza, tenti ifunyululidwe pabwalo pamaso pa onse awiri. Yonyowa isalandiridwe, ndipo woboola asoke. Kangacepe kamene obwereka apereka kapite kwa msungicuma, kakhale kogulira ulusi, guluu ndi zingwe. Pa maliro komiti ingathe kukhululuka ndalama, koma isakhululuke kuyanika.

Mafumu a midzi, akulu a mipingo ndi apampando a makopaletivu acite bwino kuika tsiku limodzi sabata ino kapena yamawa lotulutsa matenti onse padzuwa. Cakudza siciimba ng'oma. Maliro sapangana tsiku, ndipo mvula yoyamba ikonda kudza usiku, anthu ali m'tulo, masaka ali pabwalo.