Musaulule Mathero a Nkhani

Sewero la pa wailesi ya kanema likachokera m'buku, oonera amagawikana pawiri. Ena anawerenga kale ndipo akudziwa mathero, pamene ena akungoyamba kumene. Kodi wodziwayo ali ndi ufulu wouza mnzake zimene sanafunse?

Tiyeni tilingalire za Game of Thrones, sewero la ku America limene HBO inayamba kuonetsa mu 2011, lochokera m'mabuku a George R. R. Martin. Si sewero loyenera ana, koma zimene zinachitika pakati pa oonera ake zitiphunzitsa kanthu. M'buku lachitatu, lotuluka mu 2000, muli phwando la ukwati limene linatha moipa. Sitinena zambiri, kuopa kugwa m'cholakwa chimene tikudzudzula. Gawo limenelo linaonetsedwa mu June 2013, patapita zaka 13. Owerenga ambiri anaugwira mtima, kotero kuti khamu la oonera linadzidzimuka monga momwe mlembi anafunira. Koma analiponso ena amene ankafalitsa pa intaneti maina a anthu odzafa m'nkhanimo, pongofuna kuoneka odziwa.

Tsono zinthu zinatembenuka. Buku lachisanu linatuluka mu 2011, lachisanu ndi chimodzi linachedwa, ndipo pofika 2016 sewero linali litapitirira mabuku. Owerenga aja ndiwo anayamba kupempha oonera kuti asawauze kanthu. Akuluakulu ananenadi kuti chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Ena adzati kudziwiratu sikuononga nkhani, ndipo sakunama kwenikweni. Mu 2011 Jonathan Leavitt ndi Nicholas Christenfeld, a pa yunivesite ya California ku San Diego, anapeza kuti anthu ouzidwiratu mathero a nkhani zazifupi anasangalala nazo ndithu. Komabe mlandu wagona pena. Munthu angathe kubwereza nkhani kambirimbiri, koma kuimva koyamba kumachitika kamodzi kokha. Mwini wake ndiye ayenera kusankha ngati afuna kuuzidwa. Woulula amlanda mnzake chinthu chimene sangathe kumbwezera.

Chotero tisanayambe kukamba, tifunse kuti, "Mwafika pati?" Polemba uthenga umene ambiri adzauona, tichenjeze poyambirira, ndipo titchule gawo limene tikunena. Tipewenso kuphiphiritsa. Kunena kuti "musamkonde kwambiri ameneyo" ndi kuulula komwe, ngakhale sitinatchule imfa. Makolo amene anawerenga buku kalekale asayankhire ana mafunso onse pa mphasa, awapatse bukulo.

Nayenso wochedwa kuonera akhale ndi chifundo. Sangatseke pakamwa pa anzake chaka chathunthu. Atalikire kumene nkhaniyo ikukambidwa kufikira atamaliza. Ndipo akamaliza, anene msanga, pakuti wowerenga amene wakhala chete nthawi yonseyi akudikira wina wokamba naye.