Sitandi ya njinga yamoto si yomanga ndi malegeni

Mawa mukamadutsa pasiteji ya kabaza popita kusukulu, tayang'anani pansi pa njinga zamoto zimene zandandalikana pamenepo, mbali ya kumanzere. Muona kachitsulo kamene njinga iliyonse yatsamirapo, kaja timakatchula kuti sitandi. Kenako muwerenge. Ndi masitandi angati amene apindika? Ndi angati amene awotcheredwapo kawiri kapena katatu? Nanga ndi angati amene sipuling'i yake inataika kalekale, ndipo eni ake angomangapo malegeni odula ku chubu chakale?

Ine maganizo anga ndi akuti sitandi ndi chida chachitetezo monga alili mabuleki, ndipo iyenera kusankhidwa ndi kusamalidwa ngati mabuleki. Anthu ambiri amaiona ngati ndodo yongotsamiritsira njinga, n'chifukwa chake amaikumbukira pokhapokha yathyoka. Koma Physics yemwe mumakopera m'makope mwanu ndi wokwanira kukuonetsani chifukwa chake kachitsulo kameneka sikofunika kukachitira chibwana.

Tiyambire kukhitchini. Mphika umakhala pa mafuwa atatu. Pa awiri ugwa, ndipo pa anayi umagwedera ngati limodzi lafupika. Njinga yamoto ili ndi matayala awiri okha, ndiye ikaima imafunika fuwa lachitatu, lomwe ndi sitandi ija. Mukalumikiza ndi mizere malo atatu amene agunda pansi, tayala lakutsogolo, tayala lakumbuyo ndi phazi la sitandi, mupeza thirayango. Tsono chinthu chilichonse chili ndi malo amodzi amene tingati kulemera kwake konse kwasonkhana, amene aphunzitsi amawatchula kuti centre of gravity. Yerekezani kuti mwamangirira ulusi wa kamwala pamalo amenewo n'kuusiya ulendewere. Ngati kamwalako kagwera mkati mwa thirayango, njinga ikhala chiimire. Kakangotuluka kunja, njinga yapita pansi basi.

Lamulo limeneli ndi lomwe limatiuza kutalika koyenera kwa sitandi yapambali. Ikatalika kwambiri, njinga imaima pafupifupi chilili, ndipo kamwala kaja kamakhala m'mphepete mwenimweni mwa thirayango. Kamphepo, kapena mwana wongoitsamira, akhoza kuigwetsera kumanja, kumene kulibe choigwira. Ikafupika kapena kupindika, njinga imapendama mopitirira, ndipo katundu wochuluka amatsikira pa kachitsulo kamodzi komweko, kamene kamapitiriza kupindika. N'chifukwa chake pogula yatsopano, funsani ya mtundu wa njinga yanuyo ndipo tengani yakale mukayerekeze. Sitandi ya Bajaj Boxer kungoti yalowa pa bawuti ya njinga ya mtundu wina sizitanthauza kuti ndi yoyenera.

Tibwere ku phazi la sitandi. Njinga zambiri za kabaza, za 125cc kapena 150cc, zimalemera makilogalamu oposa 100. Tiyerekeze kuti yathu ikulemera makilogalamu 120, omwe ndi 1,200 N tikatenga g kukhala 10 N/kg monga m'kalasi. Tiyerekezenso kuti gawo limodzi mwa magawo anayi, 300 N, likutsikira pa sitandi, ndipo phazi lake ndi masentimita 2 m'lifupi ndi 5 m'litali. Malo amene lagunda pansi ndi 10 cm², kapena 0.001 m². Pressure ndi mphamvu kugawa ndi kukula kwa malo, ndiye 300 kugawa ndi 0.001 ikutipatsa 300,000 Pa. Munthu wa makilogalamu 60 amene waima pa mapazi onse awiri, tinene okwana 300 cm², akupsinja nthaka ndi 20,000 Pa yokha. Ndiye kuti kaphazi ka sitandi kakupsinja nthaka kuposa mapazi a munthuyo ka 15.

Apa mwaona chifukwa chake pamalo amene inu mwaima bwinobwino osatitimira, sitandi imalowa pansi. Pa mchenga wa ku Salima kapena ku Mangochi imalowa. M'matope a mwezi wa Januwale imalowa. Ngakhale pa tala, dzuwa la mu Okutobala likamufewetsa monga limachitira ku Chikwawa, imasiya dzenje. Choipa n'choti imalowa pang'onopang'ono. Mwini wake amachoka njinga ili bwino, akamabwera kuchokera kogula mayunitsi n'kupeza yagona, galasi lasweka, petulo akudontha.

Mankhwala ake ndi aulere. Ikani kathabwa ka masentimita 10 mbali zonse pansi pa phazi la sitandi. Malo akula kufika pa 100 cm², ndipo pressure yatsika kufika pa 30,000 Pa, gawo limodzi mwa magawo khumi a poyamba paja. Mwala wophwatalala kapena chitini chophwanya zimagwiranso ntchito yomweyo. Posankha sitandi, ya phazi lalikulu ndi yabwino kwa munthu amene amayenda kwambiri m'misewu yafumbi.

Njinga zambiri za kabaza zili ndi masitandi awiri, yapambali ndi yapakati, ya miyendo iwiri ija. Ambiri amaganiza kuti yapakati ndiyo yodalirika nthawi zonse chifukwa njinga imaoneka yowongoka. Sizili choncho. Yapakati imakweza njinga, ndiye centre of gravity imakweranso, pamene miyendo yake iwiri ili pafupipafupi. Pa simenti yosalala palibe vuto. Koma pa nthaka yofewa kapena yopendekera, mwendo umodzi ukangotitimira pang'ono, kamwala kathu kaja katuluka msanga mu thirayango yopapatizayo. Pamalo otero yapambali yokhala ndi kathabwa pansi ndiyo yabwino.

Yapakati ili ndi ntchito zake. Imasiya tayala lakumbuyo m'malere, ndiye mukhoza kulizunguza pothira oyilo pa tcheni kapena pomata chubu. Poyeza oyilo wa mu injini njinga imayenera kukhala chilili, apo ayi muwerenga zabodza. Poliza injini ndi phazi, yapakati ndiyo imapirira kudumphirako. Yapambali sinapangidwire zimenezo, ngakhalenso kukhalira anthu awiri akucheza podikira makasitomala. Njinga zina zazikulu zothamanga zilibiretu yapakati, ndipo amakaniko amazikweza ndi sitandi yapadera ya matayala ang'onoang'ono imene imagwira kumbuyo. Imeneyo ndi ya m'galaja basi.

Kukweza njinga pa sitandi yapakati si nkhani ya misinkhu. Kumanzere kwake kuli kachitsulo kotuluka kopondapo, ndipo kameneko ndi lever. Moment ndi mphamvu kuchulukitsa ndi mtunda kuchokera pa pivot, ndiye mukaponda kumapeto kwenikweni kwa kachitsuloko ndi thupi lanu lonse, dzanja likungowongolera njinga chakumbuyo, imakwera yokha. Amene amainyamula ndi manja amangopweteka msana.

Pomangirira katundu napo pali msampha. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 likaikidwa pa kaliyala, mashokapu akumbuyo amafinyika ndipo njinga imatsika. Sitandi yapambali siifupika nawo, ndiye njinga imawongoka kuposa poyamba, pamene thumba lija lakweza centre of gravity. Zinthu ziwirizi pamodzi zimaigwetsera kumanja. Pakani katundu pa sitandi yapakati pamalo olimba, kapena wina agwire chiwongolero.

Pamtsetse kumbukirani kuti sitandi yapambali imapindikira kumbuyo. Njinga ikagudubuzika kutsogolo ngakhale pang'ono, sitandi imadzipinda yokha. Choncho imikani njinga italoza kumtunda, ndipo muisiye mu giya yoyamba kuti tayala lakumbuyo lisayende.

Zonse ndanenazi zikalakwika, chimene chimawonongeka kawirikawiri ndi katundu, ngakhale njinga yogwa ikhoza kupsinja mwendo wa mwana kapena kumuwotcha ndi paipi ya utsi. Koma chimene chandilembetsa nkhaniyi ndi sipuling'i, chifukwa iyo ikalephera, imalephera anthu ali paulendo.

Sipuling'i ya sitandi imagwira ntchito ziwiri: kuikoka kuti ikhazikike ikatsitsidwa, ndi kuigwira m'mwamba njinga ikamayenda. Robert Hooke, wasayansi wa ku England wa zaka za m'ma 1600, anapeza kuti sipuling'i imatamuka molingana ndi mphamvu imene ikuikoka, bola isapitirire malire ake. Ikapitirira malirewo, kapena dzimbiri likadya waya wake, siibwereranso bwino. Tsono taganizirani njinga ikudumpha pa bampu, sitandi n'kugwa woyendetsa osadziwa. Njinga yamoto imakhota popendama. Akangopendamira kumanzere pa kona yotsatira, sitandi imakumba msewu, tayala lakumbuyo limapepuka kapena kunyamuka, ndipo njinga imakana kukhota kapena kuwaponya onse awiri pansi. N'chifukwa chake opanga ena amaika masipuling'i awiri, ina mkati mwa inzake, ndipo njinga zambiri zatsopano zili ndi switchi imene imazimitsa injini sitandi ikakhala pansi. Switchi imeneyi ikayamba kuvuta chifukwa cha matope, ena amangolumikiza mawaya kuti isawasowetse mtendere. Kumeneko n'kuthamangitsa mlonda chifukwa choti akukuwa.

Ndikudziwa chimene wa kabaza angandiyankhe, ndipo si chopusa. Anena kuti ndalama ya tsiku imathera ku petulo ndi kwa mwini njinga, malegeni ndi aulere, ndipo akhala akugwira kwa miyezi. Zoona, Amalawi timadziwa kupulumukira pa malegeni, ndipo kumanga kuti mufike pa okala ya zipangizo ndi nzeru kusiyana n'kuyenda sitandi ikulendewera. Vuto ndi lakuti malegeni sachenjeza. Mphira wokokedwa usana ndi usiku amatopa, oyilo ndi petulo zimamufewetsa, ndipo kang'alu kamene lezala linasiya podula kamakula mpaka tsiku lina angoti thapu! Sipuling'i yachitsulo kawirikawiri imayamba yaonetsa zizindikiro, monga dzimbiri kapena kulobodoka, ndipo mtengo wake sungafanane ndi wa tanki yophwanyika, osanenanso za mwendo wa pulasitala ndi masabata osagwira ntchito.

Wina anenanso kuti ngozi za kabaza zili ndi zifukwa zikuluzikulu: liwiro, kusavala chipewa choteteza mutu, kukweza anthu atatu, kuyendetsa osaphunzira. N'zoonadi, ndipo sitandi siili pamwamba pa mndandanda umenewo. Koma mwa zonsezo, iyi ndi imene ingakonzedwe lero lomwe, ndi sipanala imodzi, popanda kudikira lamulo kapena apolisi apamsewu.

Kuisamalira sikutenga mphindi zisanu pa sabata. Njinga ili pa sitandi yapakati, kankhani yapambali ndi phazi. Iyenera kudumphira m'mwamba n'kukhala nji, osagwedera. Ikamakwera mwaulesi, tsukani polumikizira pake kaye, kenako pakani girisi. Kutsukako n'kofunika chifukwa girisi wosakanikirana ndi mchenga amapala chitsulo ngati sandipepa. Girisi amatchinganso madzi ndi mpweya wa oxygen, zinthu ziwiri zimene chitsulo chimafuna kuti chichite dzimbiri, ndiye nyengo ya mvula muzipaka pafupipafupi. Igwedezeni m'mbali. Ikamasewera kwambiri, bawuti yamasuka kapena bowo lakula. Yang'anani ming'alu pamene chogwirira sitandi chalumikizana ndi felemu, ndiponso ngati phazi lake ladyeka. Chitani chimodzimodzi ndi yapakati, chifukwa nayonso ikagwa paulendo imamenya mabampu. Yopindika ndi bwino kuisintha, popeza chitsulo chimene chapindidwa n'kuwongoledwa kangapo chimathyoka ngati waya amene mumapindapinda popanga galimoto zoseweretsa.

Ambiri a inu simunafike poyendetsa njinga yamoto, koma mumakwera, ndipo kunyumba kuli achimwene kapena amalume amene amadyera pomwepo. Wokwera kumbuyo ali ndi mwayi umene woyendetsa alibe: asanakwere amaiona njinga yonse ali pambali. Ndiye musanaponye mwendo, yang'anani pansi kumanzere. Mukaona sitandi ikadali pansi kapena ikulendewera, nenani mwaulemu kuti, “Achimwene, pepani, sitandi yanu siinakwere bwino.” Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mukaona malegeni pamene payenera kukhala sipuling'i, muli ndi ufulu wodikira njinga ina.

Ndipo Loweruka likubwerali, ngati pakhomo panu pali njinga yamoto, pemphani eni ake kuti muyeze phazi la sitandi ndi rula, muwerengere pressure yake, kenako muwachekere kathabwa koti aziyenda nako.