MAU KWA ALIMI: MASO SAZINDIKIRA NTHENDA YA M'KHOLA

Anzanga alimi a ku Chirimba ndi midzi yozungulira Blantyre ndi Limbe, nyengo ya dzuwa ikafika nkhuku zimayamba kufa. Mwadzuka m'mawa, mwapeza tambala wagwetsa mapiko, akupuma mobvutika, khosi lapotoka. Pomwepo mumati, "Ndi citopa," nimupha zotsalazo kukagulitsa ku msika. Taimani pang'ono, mumve mau awa.

Citopa ciri ndi mnzace wofanana naco, ndiye cimfine ca mbalame. Zizindikiro zace nzofanana kotero kuti ngakhale dokotala wa ziweto sangathe kulekanitsa ndi maso okha. Koma cimfine ca mbalame nthawi zina cimagwira ndi anthu omwe. M'caka ca 2017 cinapha nkhuku zambiri ku Zimbabwe ndi ku South Africa, ndipo cinabweranso ku South Africa mu 2023. Cifukwa cace nkofunika kudziwa dzina leni leni la nthenda imene yalowa m'khola mwanu.

Nanga adziwa bwanji? Nthenda ziwirizi zimadza ndi tizirombo tating'ono kwambiri tochedwa vairasi. Kacirombo kali konse kali ndi malembo a cibadwa m'kati mwace, amene akatswiri amati DNA kapena RNA, ndipo mtundu uli wonse uli ndi malembo ace ace. M'caka ca 1983 munthu wina wa ku America, dzina lace Kary Mullis, anapeza njira yocurukitsa malembowo, yochedwa PCR. Mlangizi wa ziweto amatenga mamina a ku khosi kwa nkhuku ndi kathonje, kapena kacidutswa ka ciwalo ca m'kati, natumiza ku nyumba yopimira matenda. Kumeneko makina amatenthetsa ndi kuziziritsa zinthuzo mobwereza bwereza, ndipo ulendo uli wonse malembo a kacirombo kofunidwako amawirikiza kawiri. Pakutha maulendo 30, cidutswa cimodzi cabala zoposa 1,000,000,000, monga njere imodzi ya mapira idzaza nkhokwe ikabzalidwa zaka zingapo. Ngati kacirombo kofunidwako mulibe, sipacuruka kanthu. Nchito yonseyi ikhoza kutha tsiku limodzi.

Si pokhapo ai. Akawerenga malembowo amadziwanso pfuko la kacirombo, monga ife timdziwa mlendo ndi ciwongo cace, kuti uyu ndi Phiri, uyo ndi Banda. Taonani za cigodola ca nkhumba, nthenda yopanda mankhwala ociza. Kacirombo kace kali ndi mapfuko 24 odziwika. Pamene nkhumba zinafa ku Karonga mu 2019, akatswiri anawerenga malembo ace napeza kuti ndi pfuko laciwiri, lomwe lija linali kupha nkhumba ku Tanzania, limenenso linafika ku Georgia mu 2007 ndi ku China mu 2018. Apa tiphunzira kuti nthenda imayenda ndi anthu, m'nyama ndi m'ziweto za malonda. Boma likadziwa njira imene yadzera, likhoza kuitseka.

Koma makina sangapime cimene sanalandire. Nyumba yaikuru ya Boma yopimira matenda a ziweto iri ku Lilongwe, ndipo yoyamba kuona nthenda ndinu eni khola. Tsono citani izi:

Nkhuku kapena nkhumba zikayamba kufa motsatizana, kauzeni mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. Musacedwe, pakuti nyama yoola ibvuta kupima.

Musanyamule ciweto cakufa kuyenda naco m'mudzi. Mlangizi akatenga zofunika, cotsalaco mucikwirire m'dzenje lakuya kapena mucitenthe.

Musadye ndipo musagulitse ciweto codwala. Ndalama zocepa zimene mungapeze ku msika wa Chirimba zikhoza kupululutsa makola a anansi anu onse, ndipo nthendayo idzabwerera kwa inu nomwe.

Nkhuku zogula kumene muzisunge pa zokha masabata awiri musanazisakanize ndi zanu.

Pomariza, musadikire imfa. Katemera wa citopa wochedwa I-2 amapangidwa ku Lilongwe konko. Ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iri yonse, yaikuru ndi mwanapiye yemwe, kamodzi pa miyezi inai iri yonse. Funsani mlangizi wa kwanu tsiku limene adzatemera, ndipo muuzenso anzanu.