Laputopu Yamasewero Kapena Yopepuka: Mlandu wa M'mabanja a kwa Kuntaja

Chaka ndi chaka, maina a ophunzira osankhidwa kupita ku sukulu zaukachenjede akangotuluka, m'makomo ena a kwa Mfumu Kuntaja mumabuka mlandu umene makolo akale sadaudziwe. Kale mwana wopita ku koleji ankamugulira sutikesi, bulangete ndi nsapato, nkhani n'kuthera pomwepo. Lero pa zofunika zija pawonjezeka laputopu, ndipo mtengo wake umaposa zina zonsezo kuziphatikiza pamodzi. Bambo wa ku Chileka amene wagulitsa nandolo ndi mbuzi, kapena mayi wa ku Lirangwe amene watapa ndalama ku banki m'khonde, amapezeka ali pakati pa mawu awiri. Mwana akuti akufuna makina amphamvu, aja opangidwira masewero, amene mabatani ake amawala ngati ziphaniphani. Amalume ake a mu ofesi ku Blantyre akuti iyayi, agule kopepuka konga kamene iwo amayenda nako m'chikwama. Ndalama zilipo ndi za kompyuta imodzi basi, ndipo kompyutayo iyenera kumufikitsa mwanayo kumapeto a maphunziro a zaka zinayi kapena zisanu.

Kwa ophunzira ochuluka, amalume ndiwo akulondola. Koma salondola nthawi zonse, ndiponso chifukwa chimene amapereka, chakuti masewero ndi chibwana, sindicho chenicheni. Zifukwa zenizeni zili pa magetsi, pa msewu ndi pa mtundu wa maphunziro.

Kusiyana kwa makina awiriwa kuli m'kati. Laputopu yamasewero, monga Lenovo Legion, Asus ROG, Acer Nitro kapena HP Omen, ili ndi chipangizo chapadera chojambulira zithunzi, chimene ogulitsa amachitcha graphics card, ndipo kawirikawiri chimakhala cha kampani ya Nvidia. Chipangizochi ndi chaliwiro zedi, koma chimadya moto wambiri ndi kutulutsa kutentha kochuluka, kotero pamafunika zokupizira mphepo ziwiri ndi timipope ta mkuwa tochotsa kutenthako. Zonsezi zimalemera. Makina otere amafika makilogalamu awiri ndi theka kapena kuposa, osawerengera tchaja yake yooneka ngati njerwa. Laputopu yopangidwira anthu a m'maofesi, monga Lenovo ThinkPad, HP EliteBook kapena Dell Latitude, ilibe katundu yenseyo. Yambiri imalemera kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo ThinkPad X1 Carbon imangopitirira pang'ono kilogalamu imodzi. Dzina la ThinkPad ndi lakale ndithu: adaliyambitsa a IBM m'chaka cha 1992, a Lenovo n'kulitenga mu 2005.

Tsono nkhani yaikulu ndi magetsi. Kalembera wa anthu wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse m'dziko muno ndiwo ankaunikira ndi magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chidali chotsikiratu. Nchomvetsa chisoni kuti Nkula, kumene magetsi a pa Shire adayambira mu 1966, ndi Tedzani sali kutali ndi Lirangwe, koma nyumba zambiri zimene mawaya aakulu amadutsa pamwamba pake zimagonera tochi. Ngakhale amene ali ndi mita m'nyumba sadaiwale zimene zidachitika namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022. Mphamvu pafupifupi mamegawati 130 idachoka nthawi imodzi, ndipo kuthima kwa magetsi kwa maola ambiri pa tsiku kudapitirira mpaka malowo adakonzedwa mu 2023. Munthu wogula makina a zaka zisanu ayenera kukumbukira chaka chonga chimenecho.

Masamu ake ngosavuta, mwana wa Folomu 2 angawathe. Tchaja ya laputopu yopepuka imakhala ya mawati 45 kapena 65, ndipo munthu akamangolemba kapena kuwerenga, makinawo amadya mawati 10 kapena 15 chabe. Tchaja ya laputopu yamasewero imayambira cha m'ma 150 kufika 230, ina mpaka 330. Yuniti imodzi ya magetsi yogulidwa ku ESCOM ndi mawati 1,000 pa ola limodzi. Makina odya mawati 200 amaimaliza yunitiyo m'maola asanu, pamene odya mawati 15 amatha nayo maola oposa 60. Pakhomo pamene amadalira sola imodzi yaing'ono pa denga ndi batire la galimoto, kopepuka kaja kamadzaza bwinobwino, koma chamasewero chikayamba ntchito yake yolemera chimayamwa batire lonse, ena onse m'nyumbamo n'kugona mu mdima, mafoni awo ali chizimire.

Wina angafunse kuti, bwanji opanga makina amphamvuwa saikamo batire lalikulu loti lizipirira tsiku lonse? Yankho lili pa bwalo la ndege la Chileka pomwepa. Malamulo a maulendo a pandege salola munthu kukwera ndi batire loposa ma watt-hour 100 popanda chilolezo chapadera, chifukwa mabatire a mtundu umenewu akayaka savuta kubweretsa ngozi. Motero makampani amalekeza pa 99 ndi kanthu kuti katundu wawo aziloledwa m'ndege. Batire lotere silingadyetse makina ofuna mawati 200 ngakhale kwa ola lathunthu. Chimene opanga adachita nchakuti laputopu yamasewero ikangochotsedwa pa khoma imadzichepetsera yokha liwiro. Ndiye kuti mphamvu imene bambo adagulitsira mbuzi imaoneka pokhapokha pamene magetsi alipo. Akathima, mwana amatsala ndi makina olemera, ofooka, amene batire lake litha msanga kuposa la mnzake amene adagula kopepuka. Walira mvula walira matope.

Za msewu n'zosachita kufotokoza kwambiri. Si ophunzira onse amapeza malo ogona pa koleji. Wochokera ku Chileka kupita ku MUBAS, imene idali Polytechnic mpaka 2021, amayamba ndi kabaza, n'kukwera minibasi yodzera pa Kameza, n'kumalizira wapansi. Makilogalamu atatu pamsana, kuphatikiza mabuku, ndi katundu wotopetsa m'mwezi wa Okutobala, ndipo chikwama chotupa chimaitana maso a anthu osafunika munthu akamabwerera kunyumba kutada. Fumbi nalo lili ndi mbali yake. Zokupizira za laputopu yamasewero zimakoka mphepo yambiri, ndipo mphepo ya ku Lirangwe m'chilimwe imadza ndi dothi. Timabowo tikatsekeka makina amatentha, amayamba kuchedwa, kenaka n'kumazima okha. Pa makina ambiri otere graphics card idamatidwira ku bolodi lalikulu, choncho ikapsa palibe kuisintha payokha.

Palinso intaneti. Masewero akuluakulu a masiku ano, monga Call of Duty, amafuna malo oposa magigabaiti 100, ndipo amapemphanso zowonjezera pafupipafupi. Aliyense wogula bandulo ya TNM kapena Airtel akudziwa tanthauzo la nambala imeneyo. Ambiri amangokopera kwa anzawo masewero obedwa, ndipo mavairasi amalowera khomo lomwelo, n'kudya ntchito ya kalasi imene mwana adaikhalira usiku.

Komabe mlandu suweruzidwa mbali imodzi isanamveke, ndipo mnyamatayo ali ndi mfundo zake. Chipangizo chimene chimathamangitsa osewera mpira pa sikirini ndi chomwecho chimene chimatembenuza chithunzi cha nyumba yosanja mu pulogalamu ya Revit, kapena kulumikiza kanema mu Adobe Premiere ndi DaVinci Resolve. Wophunzira zojambula mapulani a nyumba, wa uinjiniya amene adzajambula makina a mbali zitatu, kapena wa ku MUST ku Thyolo amene adzalimbana ndi mapu akuluakulu, angathe kuzunzika ndi kalaputopu kopyapyala. Ntchito imene anzake amaimaliza m'mphindi makumi awiri iye adzaidikira usiku wonse. Chimodzimodzinso achinyamata amene apeza chochita pojambula maukwati, zinkhoswe ndi nyimbo za makwaya m'madera a Lunzu ndi Chileka. Kwa iwowa makina amphamvu ali ngati ngolo kwa mlimi, amabweza okha ndalama zake. Kholo lokana kumva zimenezi chifukwa chongoona mabatani owala likulakwa monga momwe akulakwira mwana wofuna makinawo kuti azionetsera ku hositelo.

Funso loyenera, tsono, nlakuti mwanayu akukaphunzira chiyani. Wa uphunzitsi, unamwino, malamulo, zaulimi, zowerengera chuma, ngakhale wongoyamba kumene kulemba mapulogalamu a kompyuta, ntchito yake yaikulu ndi kulemba, kuwerenga mabuku a PDF, kuwerengera mu Excel ndi kumvera maphunziro a pa intaneti, amene adakhazikika kuyambira pamene sukulu zidatsekedwa chifukwa cha Covid-19 mu Malichi 2020. Zonsezi kopepuka kamazichita mosavuta. Ophunzira otere ndiwo ochuluka kwambiri. Ngakhale wa uinjiniya, chaka choyamba chimathera pa masamu ndi sayansi, ndipo koleji imakhala ndi chipinda cha makompyuta cha ntchito zolemera. Sikulakwa kuyamba ndi makina apakati, n'kudzaona m'chaka chachitatu ngati pakufunikadi ena. Njira yapafupi yodziwira ndi kufunsa wophunzira wa chaka chomaliza m'phunziro lomwelo, amene sakugulitsa kanthu.

Pa mtengo pali chinthu chimene amalume nthawi zina sachinena. Laputopu yopepuka yatsopano si yotchipa. X1 Carbon ya m'katoni imadula kuposa makina ambiri amasewero. Imene banja la kumudzi lingakwanitse ndi yakaunjika, yochokera m'maofesi a ku Ulaya, Dubai kapena South Africa, kumene makampani amasintha makina awo patapita zaka zitatu kapena zinayi. Popeza makinawa adapangidwa ambirimbiri, mabatire, masikirini ndi matchaja ake savuta kupeza kwa okonza a mu Limbe ndi Blantyre. Izi n'zofunika kwambiri chichokere mu Novembala 2023, pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Laputopu yamasewero yatsopano kawirikawiri sipezeka pansi pa madola 700 ngakhale kunja komweko. Pa mtengo wa dola wa tsiku limene lija, imeneyo ndi K1,190,000, isanakwere ndege, wogulitsa asanaikepo phindu lake. Yamasewero yakaunjika nayo ndi yokayikitsa, pakuti mwini wake woyamba adaiotcha usana ndi usiku.

Koma ku kaunjika nakonso kuli mbuna, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wogulitsa amakonda kuloza kachipepala kolembedwa Core i7, wogula n'kuganiza kuti wapata. Chofunika ndi nambala yotsatira. Makina olembedwa i7-4600U ndi a m'badwo wachinayi, a m'chaka cha 2013, ndipo amagonja kwa i5-8250U a m'badwo wachisanu ndi chitatu. Nambala yoyamba pambuyo pa kamzere, kapena ziwiri zoyamba pa makina a mibadwo yatsopano, ndiyo imaulula m'badwo. Nkhaniyi yakula chifukwa kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 salandira mwalamulo makina ambiri a Intel osafika m'badwo wachisanu ndi chitatu. Makina okanidwawo ndi amene maofesi akunja akuwataya, ndipo msika wake ndi maiko onga lino. ThinkPad T480, EliteBook 840 G5 ndi Latitude 7490, zonse za m'chaka cha 2018, ndiwo malire oyambira, komabe nambala ija iwerengedwe ndithu, chifukwa ena mwa makina a maina omwewa adatuluka ndi m'badwo wachisanu ndi chiwiri.

Kholo losadziwa zimenezi lisachite manyazi kutenga mphunzitsi wa kompyuta wa pa sekondale yapafupi popita kukagula. Iyeyo akaonetsetse kuti RAM ndi yosachepera magigabaiti 8, ndiponso ngati ingathe kuwonjezedwa, pakuti pa makina opyapyala kwambiri idamatidwiratu; kuti chosungira ndi SSD; ndi kuti makinawo alibe loko wa kampani imene idali nawo kale. Kenaka tchaja izulidwe pa khoma, kanema aikidwe, ogula akhale pansi m'sitolomo kwa theka la ola akuyang'ana mmene batire likutsikira. Wogulitsa wokana zimenezi, kapena wokana kulemba lisiti yokhala ndi nambala ya makina ndi miyezi ya chitsimikizo, asiyidwe ndi katundu wake.