Ku Newfoundland dzina la nsomba ndilo linkadula mtengo

Pa chilumba cha Newfoundland, kum'mawa kwa Canada, munthu akati fish ankatanthauza nsomba ya mtundu umodzi wokha, ya cod. Ankaing'amba, kuithira mchere n'kuiyanika, ndipo ntchitoyo inabala mawu akeake a Chingerezi oti ngakhale munthu wa ku London atha kungoti kakasi atawamva. Makolo a asodzi ambiri kumeneko anachokera ku Devon, ku Dorset ndi kumwera kwa Ireland, ndipo mawu awo anasonkhanitsidwa m'buku la Dictionary of Newfoundland English mu 1982.

Thandala lawo linali flake, nsanja ya mitengo yoyalapo nthambi kuti mphepo izipita ndi kunsi komwe. Nsomba akazitsuka mchere n'kuziunjika kuti zikhe madzi, muluwo unali water horse. Madzulo amayi, omwe ndiwo ankagwira kwambiri ntchito yoyanika, ankazisanja m'timilu totchedwa faggot, khungu kumwamba kuti mame ndi mvula zisalowe. Nsomba zodzaza m'manja ulendo umodzi zinali yaffle.

Awa ndi mawu ongosangalatsa kumva. Mawu a ndalama anali ena. Nsomba yochita nkhungu chifukwa cha chinyezi inali dun, yopsa ndi dzuwa mpaka mnofu kumanyenyeka inali sunburnt, ndipo dzina lotere likangoigwera, mtengo unkatsika pompo. Yabwino kwambiri inali merchantable, yopita kumisika ya ku Spain, Portugal ndi Italy. Yapakati inali Madeira. Yotsikitsitsa, yothyokathyoka, inali West India, yomwe inkatumizidwa kuzilumba za Caribbean, kumene kale inali ndiwo ya akapolo m'minda ya nzimbe.

Wotchula mayinawa anali culler, munthu woima padoko n'kumaponya nsomba iliyonse pa mulu wake. Vuto linali lakuti kawirikawiri culler ankalipidwa ndi wogula yemweyo. Msodzi, amene nthawi zambiri anali atatenga kale mchere, ufa ndi zingwe pangongole kwa wamalondayo, analibe pokadandaula nsomba yake ikaponyedwa pa mulu wa West India. William Coaker atayambitsa bungwe la Fishermen's Protective Union mu 1908, kasankhidwe ka nsomba kanali pakati pa madandaulo akuluakulu a asodzi.

Panalinso njira ina, tal qual, mawu otanthauza kuti monga ziliri. Wogula ankatenga nsomba zonse pa mtengo umodzi, osasankha. Kwa msodzi wotopa ndi culler, zimenezi zinkaoneka ngati chilungamo. Koma tal qual ndi msampha. Mayi amene watembenuza nsomba zake masiku ambiri n'kumazithawitsa mvula akalandira ndalama yofanana ndi mnzake woyanika mwachisawawa, chaka chamawa savutikanso. Katundu wa doko lonse amatsika, ndipo ogula akunja sachedwa kuzindikira. Pa njira ziwirizi, yosankha ndiyo yabwino, bola wosankhayo asakhale wantchito wa wogula.

Malonda a cod anagwa mu 1992 pamene boma la Canada linaletsa kupha nsombayi itatsala pang'ono kutha m'nyanja, ndipo lero flake yatsala m'midzi yochepa. Koma funso la tal qual likadalipo kulikonse kumene nsomba youma imagulidwa ndi ndowa, ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhata Bay.

Mayina a kakonzedwe alipo kale m'Chichewa: usipa wofutsa, woyanika padzuwa, nsomba yowamba. Chofunika kuwonjezera ndi mayina a magiredi, monga alili pa fodya ku okushoni. Usipa wouma pathandala, woyera ndi wosathyoka, suyenera kulowa m'thumba limodzi ndi wouma pamchenga kapena wogwidwa ndi mvula, poti wogula akapeza mchenga pansi pa thumba amadula mtengo wa thumba lonse. Mayina atatu ndi okwanira, ndipo komiti ya padoko ingathe kuwakhazikitsa pamodzi ndi ogula, n'kusankha wosanja nsomba amene malipiro ake azichokera mbali zonse ziwiri.