Kodi nkhalango ya Mchinji idzasamalidwa ndi ana a yani?

Nkhalango ya Mchinji, komwe kumachokera mtsinje wa Bua, ikutha ndi makala. Koma mwana wa mlimi wa mtedza ku Mkanda akafuna maphunziro osamalira zachilengedwe, fizi imamubweza pachipata. NRC ili pamsewu wathu womwewu wopita ku Lilongwe, Bunda sikutali, sukulu ya zankhalango ili ku Dedza. Vuto si mtunda ayi, ndi ndalama basi! Bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira lilipo kuyambira 2015. Nanga bwanji aphungu athu amangotchuka ndi kugula mabokosi a maliro, osafotokozera makolo za ngongoleyi? Mapeto ake makolo amagulitsa mbuzi n'kuthamangira makoleji otchipa omwe bungwe la NCHE silinawavomereze. Olemekezeka, tiyankheni.