Mankhwala opulumutsa makanda akulephera pa akuluakulu: kompyuta yaonetsa pomwe amathera

Mukathira madzi pang'ono m'jumbo ya shuga, mbali zake zimamatirirana moti muvutike kuitsegula. Timatumba ta mpweya ta m'mapapo mwanu tikadachitanso chimodzimodzi pakadapanda timadzi toterera totchedwa surfactant, tomwe timakuta mkati mwake mopyapyala kwambiri kuti tisamatane mukatulutsa mpweya.

Mwana wobadwa masiku asanakwane amakhala asanapange timadziti tokwanira, n'chifukwa chake amabanika, nthiti n'kumalowa mkati. Nkhaniyi ndi yathu: lipoti la bungwe la WHO la mu 2012 lidati ana 18 mwa 100 alionse ku Malawi amabadwa masiku asanakwane, kuposa dziko lina lililonse panthawiyo.

Mu 1980 dokotala wa ku Japan, Tetsuro Fujiwara, adaonetsa kuti kuthira surfactant m'kholingo mwa makanda otere kumawathandiza kupuma. Koma atayesa pa akuluakulu odwala mapapo mwakayakaya, zotsatira zambiri zidagwetsa ulesi, ndipo ena adangoti mankhwalawa sagwira pa munthu wamkulu.

Mu 2015 Marcel Filoche, Cheng-Feng Tai ndi James Grotberg wa ku University of Michigan adafufuza nkhaniyi pogwiritsa ntchito masamu. Adajambula njira za mpweya pakompyuta monga mtengo wanthambi, n'kumatsatira mankhwalawo mphambano iliyonse. Ganizirani madzi othirira dimba oyenda m'ngalande youma: ena amathera kunyowetsa ngalandeyo, ndipo mabedi akumapeto amatsala ouma. Mankhwalawa akamatsika amasiya ena atamata m'mbali mwa njira, kenako pa mphambano ochuluka amatsetserekera kunthambi yoloza pansi. Njira za khanda n'zazifupi ndi zopapatiza, choncho otayika ndi ochepa ndipo amagawikana bwino. Za munthu wamkulu n'zazitali ndi zazikulu, moti mukathira ochepa, ngakhale akhale amphamvu chotani, amathera panjira asanafike ku timatumba tija.

Ine ndikuona kuti phindu la kafukufukuyu lili apa: kuchuluka kwa madzi, liwiro lothirira ndi kagonekedwe ka wodwala zingathe kuyesedwa kambirimbiri pakompyuta popanda kuika moyo wa munthu pachiswe. Komabe kompyuta si wodwala. Mapapo ake alibe makhololo, satsokomola, ndipo zomwe yapeza ziyenera kutsimikizidwa m'chipatala madokotala asanasinthe kachitidwe.

Kwathu kuno vuto limayambira pena. Surfactant ndi wokwera mtengo ndipo amafuna katswiri wodziwa kulowetsa kachubu m'kholingo mwa khanda. Chomwe zipatala zathu zimadalira kwambiri ndi makina a CPAP, monga a Pumani omwe adayesedwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mogwirizana ndi Rice University. Makinawa sathira mankhwala, amangopopera mpweya mofatsa kudzera m'mphuno kuti timatumba tija tisamatane.

Ngati muli oyembekezera, palinso jakisoni wa dexamethasone amene amafulumizitsa mapapo a mwana kupanga surfactant yakeyake akadali m'mimba. WHO imalimbikitsa kuti aperekedwe kwa mayi amene akuoneka kuti abereka pakati pa masabata 24 ndi 34, koma amafuna nthawi kuti agwire ntchito. Choncho matenda akayamba kapena nsupa ikasweka masiku asanakwane, musadikire kuti kuche, thamangirani kuchipatala ndipo musaiwale buku lanu la kusikelo.